Huwa: Mbiri ya Liwu Limodzi ndi Funso Lakuti Kodi Allah ndi Wamwamuna

Kutamandidwa konse n'kwa Allah, amene adalenga mwamuna ndi mkazi. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi ma Swahaba ake onse.

Wophunzira Chiarabu akafika pa phunziro la alowam'malo amauzidwa kuti huwa ndi liwu loimira mwamuna, hiya ndi loimira mkazi. Akatsegula Qur'an yolemekezeka amapeza kuti paliponse pamene pakunenedwa za Allah, liwu lake ndi huwa. Funso limabwera lokha: kodi ndiye kuti Allah ndi wamwamuna? Wofunsa zimenezi sayenera kukalipiridwa, chifukwa funso likasowa yankho limabala zoipa. Mwana amakula ali ndi chithunzi cha nkhalamba yandevu m'mutu mwake pamene akupemphera. Mwamuna wina amadziona ngati ali pafupi ndi Allah kuposa mkazi wake. Wina amafika pofuna kusintha mawu a Qur'an kuti akonze chimene akuchiyesa tsankho.

Yankho la ma Ulama a Chisilamu n'limodzi: Allah si mwamuna, si mkazi, ndipo safanana ndi cholengedwa chilichonse. Liwu lakuti huwa ndi lamulo la chiyankhulo cha Chiarabu. Kuti yankholi likhazikike mumtima, tiyenera kuona m'mene lidafikira kwa ife.

Milungu yaikazi ya ku Hijaz

Arabu amene Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adatumidwa kwa iwo ankamudziwa Allah kuti ndiye Mlengi, koma adam'patsa banja. Mafano atatu otchuka kwambiri ku Hijaz anali aakazi. Al-Lat anali thanthwe la ku Ta'if limene fuko la Thaqif lidalimangira nyumba. Al-Uzza ankapembedzedwa pa mitengo ya m'chigwa cha Nakhla, ndipo ma Quraysh ankamulemekeza kuposa mafano ena. Manat anali ku al-Mushallal, m'dera la Qudayd, panjira ya pakati pa Makkah ndi Madinah, ndipo mafuko a Aws ndi Khazraj ndiwo ankam'konda kwambiri. Kupembedza kumeneku kunali kwakalekale. Herodotus, wolemba mbiri wa ku Greece amene adakhala zaka zoposa 400 Mneneri Isa (mtendere ukhale pa iye) asanabadwe, adatchula kale mulungu wamkazi wa Arabu dzina lake Alilat. Hisham ibn al-Kalbi, wa ku Kufa, adasonkhanitsa nkhani za mafanowa m'buku lotchedwa Kitab al-Asnam.

Anthu ankatcha ana awo mayina a milunguyi. Dzina lenileni la Abu Lahab linali Abd al-Uzza. Pa nkhondo ya Uhud, m'chaka cha 3 Hijri, Abu Sufyan adafuula monyada kuti iwo ali ndi al-Uzza pamene Asilamu alibe, ndipo Mtumiki adalamula kuti amuyankhe kuti Mtetezi wa Asilamu ndi Allah. Imam al-Tabari (adamwalira 310 Hijri, 923) adalemba m'Tafsir yake kuti opembedza mafano adatenga dzina la al-Lat kuchokera ku dzina la Allah ndi la al-Uzza kuchokera ku al-Aziz. Mafuko ena ankanenanso kuti Angelo ndi ana aakazi a Allah. Tikuona apa kuti maganizo oika chimuna ndi chikazi pa umulungu ndi amene Chisilamu chidawapeza ali kale pakati pa anthu, n'kuyamba kulimbana nawo.

M'mene Qur'an idayankhira

Surah al-Najm (53:19-23) idatchula mafano atatuwa mayina awo n'kunena kuti ndi mayina chabe amene anthu ndi makolo awo adapeka. Surah al-Zukhruf (43:19) idadzudzula amene ankati Angelo ndi aakazi, n'kuwafunsa ngati analipo pamene Angelowo ankalengedwa. Surah al-Nahl (16:57-59) idaulula chinyengo chawo: munthu amene nkhope yake inkada akamva kuti wabereka mwana wamkazi, mpaka kuganiza zom'kwirira wamoyo, yemweyo ankam'patsa Allah ana aakazi.

Ena amawerenga ndimezi molakwika, n'kumati Qur'an ikukana ana aakazi chifukwa mkazi ndi wonyozeka. Ndime za mu al-Nahl zikudzudzula kumene khalidwe loipidwa ndi mwana wamkazi, ndipo Surah al-Takwir (81:8-9) ikulonjeza kuti mlandu wa mwana wokwiriridwa wamoyo udzafunsidwa pa Tsiku la Chiweruzo. Komanso Qur'an idakana mwana wamwamuna ndi mphamvu yomweyo mu Surah Maryam (19:88-93). Idakananso kuti Allah ali ndi mkazi mu Surah al-An'am (6:101) ndi Surah al-Jinn (72:3). Surah al-Ikhlas, imene mwana aliyense wa ku madrasa amailoweza, idatseka makomo onse: kubereka, kuberekedwa ndi kukhala ndi wofanana naye.

Chifukwa chake n'chomveka ngakhale kwa munthu wosaphunzira. Chimuna ndi chikazi ndi njira yochulukitsira zolengedwa zimene zimafa. Mwamuna amatchedwa mwamuna chifukwa pali mkazi woyang'anizana naye, ndipo aliyense wa awiriwa amasowa mnzake kuti mtundu usathe. Surah al-Dhariyat (51:49) ikunena kuti zinthu zidalengedwa ziwiriziwiri, ndipo omasulira Qur'an adati phunziro lake n'lakuti Mlengi wa ziwiriziwirizo ndi Mmodzi yekha. Amene safa safuna wolowa m'malo mwake, ndipo amene sasowa kanthu safuna mnzake.

Makkah itagonjetsedwa m'chaka cha 8 Hijri (630), Khalid ibn al-Walid adatumidwa kukagwetsa al-Uzza, ndipo Manat nayenso adagwetsedwa. M'chaka cha 9 Hijri nthumwi za Thaqif zidapempha kuti al-Lat asiyidwe kwa zaka 3. Zitakanidwa, zidachepetsa nthawi mpaka kufika pa mwezi umodzi, koma Mtumiki sadalole. Al-Mughira ibn Shu'ba, yemwe anali wa fuko lomwelo, ndiye adaphwanya fanolo.

Zimene akatswiri a Nahw adafotokoza

Tsono n'chifukwa chiyani Buku lokana zonsezi lidagwiritsa ntchito huwa? Qur'an idatsika m'Chiarabu, ndipo Chiarabu chili ndi magulu awiri okha a mayina: mudhakkar, gulu lachimuna, ndi mu'annath, gulu lachikazi. Palibe gulu lachitatu. Mwala, chitseko, mphepo, nzeru, chilichonse chiyenera kulowa m'gulu limodzi mwa awiriwa. Dzuwa (shams), nthaka (ard), moto (nar) ndi nkhondo (harb) ndi mayina achikazi. Mwezi (qamar), usiku (layl) ndi chitseko (bab) ndi achimuna. Palibe Mwarabu amene adaganizapo kuti chitseko cha nyumba yake ndi chachimuna monga tonde.

Ma Ulama a Nahw, omwe ndi maphunziro a malamulo a Chiarabu, adasiyanitsa zinthu ziwiri: chikazi chenicheni (haqiqi), monga cha mkazi ndi ngamila yaikazi, ndi chikazi cha m'mawu chabe (majazi), monga cha dzuwa. Nkhaniyi inali yaikulu moti adailembera mabuku akeake. Al-Farra' wa ku Kufa (adamwalira 207 Hijri, 822) ndi Abu Bakr ibn al-Anbari wa ku Baghdad (adamwalira 328 Hijri, 940) aliyense adalemba buku lotchedwa al-Mudhakkar wa al-Mu'annath. Ngakhale chizindikiro cha chikazi chimene chimakhala kumapeto kwa liwu sichisonyeza thupi nthawi zonse: Hamza, Talha ndi Mu'awiya ndi mayina a amuna, ndipo liwu lakuti khalifa lili ndi chizindikiro chomwecho.

Amene adaika maziko a yankho lathu ndi Sibawayh, wophunzira wa al-Khalil ibn Ahmad ku Basra, amene adamwalira cha m'ma 180 Hijri. M'buku lake, al-Kitab, adafotokoza kuti gulu lachimuna ndilo chiyambi cha mayina, pamene lachikazi ndi nthambi imene imafuna chizindikiro kuti idziwike. Umboni wake unali liwu lakuti shay', kutanthauza chinthu. Liwuli limanenedwa pa chilichonse tisanadziwe ngati ndi chachimuna kapena chachikazi, koma ilo lili m'gulu lachimuna. Choncho gulu lachimuna lili ndi ntchito ziwiri: limaimira amuna, komanso limaimira chimene sichinaikidwe mbali iliyonse. Gulu lachikazi ndi lopapatiza. Munthu akati hiya wasankha mbali. Akati huwa angakhale kuti sanasankhe mbali iliyonse. Chitsanzo chapafupi ndi Mngelo Jibril: Qur'an imamunena ndi mawu achimuna, koma ma Ulama amaphunzitsa kuti Angelo satchedwa amuna kapena akazi.

Al-Zamakhshari (adamwalira 538 Hijri, 1144) adaonjezera mfundo ina pomasulira Surah al-An'am (6:78), pamene Mneneri Ibrahim (mtendere ukhale pa iye) ankatsutsa anthu ake opembedza zakumwamba. Poloza dzuwa, limene ndi dzina lachikazi, mawu a ndimeyo adagwiritsa ntchito hadha, mlozi wachimuna, m'malo mwa hadhihi. Al-Zamakhshari adati china mwa zifukwa zake ndi kuteteza liwu lakuti Mbuye ku chizindikiro cha chikazi, monga m'mene Allah amatchedwera Allam koma satchedwa allama, ngakhale liwu lachiwirili ndi lotamanda kwambiri pakati pa anthu. Tikakumbukira kuti omvera oyamba a Qur'an ankati hiya ponena za al-Lat ndi al-Uzza, tikumvetsa chifukwa chake chizindikirochi chidapewedwa.

Komabe ma Ulama a Aqida sadaope kugwiritsa ntchito mawu achikazi ponena za Allah pamene chiyankhulo chidafuna tero. Liwu lakuti dhat, limene amanenera za Allah Mwiniwake, ndi lachikazi pa chiyambi chake, ndipo akatswiri ena a Nahw adadandaula nalo pa chifukwa chomwecho, koma lidakhazikika m'mabuku. Mawu akuti sifa, qudra ndi rahma nawonso ndi achikazi. Ngati huwa akadakhala umboni wa chimuna, dhat akadakhala umboni wa chikazi. Zoona zake n'zakuti onse awiri ndi mawu.

Pamene ena adasokera

M'zaka za m'ma 100 Hijri, Asilamu atafalikira ku Iraq ndi ku Khurasan, kudabuka magulu awiri opyola malire. Jahm ibn Safwan, amene adaphedwa ku Marw m'chaka cha 128 Hijri (746), adakana mbiri za Allah poopa kum'fanizira ndi zolengedwa. Mbali inayi kunali ofanizira, ndipo Muqatil ibn Sulayman (adamwalira 150 Hijri, 767) ndi mmodzi mwa amene olemba mbiri ya magulu adawanena kuti adapendekera kumeneko. Zanenedwa kuti Imam Abu Hanifa adadzudzula maganizo onse awiri kuti ndi oipa. Al-Shahrastani (adamwalira 548 Hijri, 1153) adalemba za munthu wina wofanizira, Dawud al-Jawaribi, amene ankam'patsa Allah thupi ndi ziwalo, koma adapempha kuti asafunsidwe za ndevu ndi za kumaso. Ngakhale wosokera wotere adachita mantha pofika pa khomo limene chimuna chenicheni chimayambira.

Ahlus Sunnah adayenda pakati. Muyeso wawo unali Surah al-Shura (42:11), ndime imene imakana kufanana kulikonse pakati pa Allah ndi zolengedwa, ndipo pomwepo imatsimikiza kuti Iye amamva ndi kuona. Imam al-Tahawi wa ku Egypt (adamwalira 321 Hijri, 933) adalemba m'kabuku kake ka Aqida kuti kum'fotokoza Allah ndi chikhalidwe cha umunthu ndi ukafiri. Ma Ash'ari, ma Maturidi ndi ma Athari amasiyana pa kamasuliridwe ka ndime zina za mbiri za Allah, koma pa mfundo iyi ali pamodzi. Chimuna ndi chikhalidwe cha thupi lolengedwa, ndipo sichidatchulidwe m'Qur'an kapena mu Sunnah ngati mbiri ya Allah.

Phunziro la liwu lakuti Nahnu

Pali liwu lina m'Qur'an limene limatithandiza kumvetsa huwa. Allah amadzinena nthawi zina kuti Nahnu, kutanthauza Ife. Ibn Ishaq adasimba kuti nthumwi 60 za Akhristu a ku Najran zitafika ku Madinah, zidagwira mawu ochulukitsawa ngati umboni wakuti Mulungu si mmodzi yekha. Adatinso chiyambi cha Surah Aal Imran chidatsika pa nkhani yawo, ndipo m'menemo muli ndime (3:7) yophunzitsa kuti ndime zomveka bwino ndizo maziko a Buku, ndipo zosamveka msanga zibwezedwe ku mazikowo. Nahnu ndi liwu la ulemerero, silisonyeza kuchuluka. Chimodzimodzi huwa sasonyeza chimuna. Onse awiri amabwezedwa ku Surah al-Ikhlas.

Ife oyankhula Chichewa tili ndi mwayi pa nkhaniyi. Pa dua Mwarabu amati anta, liwu la munthu mmodzi, koma ife timati Inu, chifukwa kunena kuti iwe kwa wamkulu ndi mwano. Palibe Msilamu amene amati Inu Allah n'kumaganiza kuti akuitana milungu yambiri. Tonse timadziwa kusiyanitsa kapangidwe ka liwu ndi tanthauzo lake. Komanso liwu lathu lakuti iye silisankha mwamuna kapena mkazi, monganso yeye m'Chiswahili. Mayina athu ali m'magulu ambiri, koma magulu amenewa sayendera chimuna ndi chikazi.

Si ife oyamba kulandira Qur'an m'chiyankhulo chotere. Chiperisiya chili ndi liwu limodzi, u, loimira mwamuna ndi mkazi yemwe, ndipo Chiteki chili ndi o. Sibawayh mwiniwakeyo anali wochokera ku Persia. M'nthawi ya mfumu Mansur ibn Nuh ya banja la ma Samanid, imene idalamulira kuyambira 961 mpaka 976, ma Ulama a m'dera la Bukhara adaloleza kuti Tafsir ya al-Tabari iikidwe m'Chiperisiya. Kuyambira pamenepo papita zaka zoposa 1000 Asilamu a kumeneko akuwerenga tanthauzo la Qur'an ndi liwu losasankha mbali, ndipo Tawheed yawo sidaperewere kanthu. Chimuna chikadakhala mbali ya tanthauzo la huwa, kumasulira kotere kukadakhala kuchotsa china m'chikhulupiriro.

Vuto limakula m'Chingerezi. M'chiyankhulo chimenecho he ndi wa amuna, she ndi wa akazi, ndipo it ndi wa zinthu zopanda nzeru. Omasulira monga Marmaduke Pickthall (1930) ndi Abdullah Yusuf Ali (1934) adasankha He chifukwa it ndi wonyoza ndipo she akadasintha mawu a Chiarabu. Koma khutu la woyankhula Chingerezi limamva chimuna chenicheni m'liwulo, makamaka kumene anthu adazolowera zithunzi monga zimene Michelangelo adajambula ku Rome pakati pa 1508 ndi 1512, zoonetsa Mulungu ngati nkhalamba yandevu. Ana athu ambiri amakumana ndi funsoli kudzera m'Chingerezi cha kusukulu ndi cha pa intaneti.

Kodi mawu achimuna amapatula akazi?

Ma Ulama a Usul al-Fiqh adakambirana funso logwirizana ndi limeneli: Qur'an ikamalamula okhulupirira ndi mawu ochulukitsa achimuna, kodi akazi ali momwemo? Ma Hanafi ndi ma Hanbali ambiri adati alimo kudzera m'liwu lenilenilo, chifukwa Arabu akamanena za amuna ndi akazi pamodzi amagwiritsa ntchito mawu achimuna, lamulo lotchedwa taghlib. Ma Shafi'i ambiri adati akazi amalowa kudzera mu umboni wina. Kusiyanaku n'kwa njira chabe, pakuti onse amavomereza kuti Swala, Zakat, kusala ndi Hajj ndi lamulo kwa mwamuna ndi mkazi yemwe.

Mmodzi mwa amene adafunsa za nkhaniyi anali mayi wa okhulupirira, Umm Salama (Allah asangalale naye). Imam Ahmad ndi Imam al-Nasa'i adasimba kuti iye adafunsa Mtumiki chifukwa chake akazi satchulidwa m'Qur'an monga amuna. Sadadzudzulidwe. Yankho lidatsika mu Surah al-Ahzab (33:35), ndime imene imatchula amuna ndi akazi mbali ndi mbali pa makhalidwe 10, kuyambira pa Chisilamu mpaka pa kukumbukira Allah, n'kuwalonjeza onse malipiro amodzi. Surah al-Hujurat (49:13) idanenetsa kuti ulemerero pamaso pa Allah umayesedwa ndi taqwa. Mwamuna amene amatenga huwa ngati chibale pakati pa iye ndi Mlengi wake wabwerera ku maganizo a Jahiliyya kudzera pa khomo lina.

Onaninso kuti pamene Mtumiki adafuna kufotokoza kukula kwa chifundo cha Allah, adaloza mayi. Al-Bukhari ndi Muslim adasimba kuchokera kwa Umar ibn al-Khattab za mkazi wogwidwa pa nkhondo amene adanyamula khanda n'kuliyamwitsa, ndipo Mtumiki adauza ma Swahaba kuti chifundo cha Allah kwa akapolo ake chimaposa cha mayiyo kwa mwana wake. Dzina lakuti al-Rahman ndi liwu lakuti rahim, chiberekero, amachokera pa tsinde limodzi, ndipo Hadith ya Abu Dawud ndi al-Tirmidhi imagwirizanitsa awiriwa. Izi sizim'sandutsa Allah kukhala mayi, monganso huwa sam'sandutsa bambo.

Zoyenera kugwira

Choyamba, kukhulupirira kuti Allah ndi mwamuna kapena mkazi ndi kum'fanizira ndi zolengedwa, ndipo kumatsutsana ndi Tawheed. Mwana kapena wolowa kumene Chisilamu amene ali ndi maganizowa chifukwa chosadziwa aphunzitsidwe mofatsa.

Chachiwiri, mawu a Qur'an sasinthidwa. Sikololedwa kuika hiya pamene Allah adaika huwa, pakuti timamutchula Allah monga adadzitchulira Mwini. Imam al-Ash'ari adagwira mfundo yakuti mayina a Allah amatengedwa m'Qur'an ndi Sunnah basi. Al-Baqillani adafewetsako, ndipo al-Ghazali m'buku lake al-Maqsad al-Asna adasiyanitsa dzina ndi kufotokoza, koma onse adaletsa liwu limene lingabweretse ganizo losayenera pa Allah. Pa chifukwa chomwechi Asilamu samutcha Allah kuti Atate kapena Amayi.

Chachitatu, aphunzitsi a ku madrasa akafika pa huwa ndi hiya asangoti uyu ndi mwamuna, uyu ndi mkazi. Aonjezere pomwepo kuti mwezi ndi huwa, dzuwa ndi hiya, ndipo Chichewa chimamasulira onse awiri popanda kutchula mwamuna kapena mkazi. Mphindi zochepa zimenezi zidzam'teteza wophunzira ku chikaiko chimene chikadam'vutitsa atakula.

Tikupempha Allah atipatse kumudziwa koyenera ndi ulemu pomutchula. Allah ndiye Wodziwa kwambiri.